Nsambo Zimene Ba Kefasi Sanamasule

Ine nyimbo sindidziwa, ndiyambe ndanena zimenezo. Kwathu ku Chinyunyu anandichotsa m'kwaya ndikali mnyamata, ati ndimasocheretsa anzanga, ndipo sindinakwiye chifukwa sankanama. Zala zangazi ndi zonyamulira makatoni basi. Koma mutandionetsa gitala lero, ndikhoza kukuuzani ngati mwini wake amaisamala kapena amangoizunza, ndisanaigwire n'komwe. Ndimayang'ana pamimba pake, pa kathabwa kaja komatidwa kamene kamagwira nsambo zonse. Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi Ba Kefasi. Anthu akamawatchula amati malemu. Ine mawu amenewo amakana kutuluka bwino pakamwa panga.

Kunja ndinapita mosakonzekera. Ndinkagulitsa makala m'mbali mwa msewu waukulu, ndiye dalaivala wina wa thiraki, amene ankakonda kuima pathu kuti akasambe kumadzi otentha, anati akufuna munthu womuthandiza kumanga tenti ndi kulonda katundu. Ndinauza mkazi wanga kuti ndibwerako mvula isanagwe. Kungoti sindinatchule mvula ya chaka chiti. Tinadutsa Lusaka, tinawoloka Zambezi, kenako mchenga, mchenga, mpaka maso kuwawa. Kumene msewu unathera kunali nyanja yamchere ndi tauni ya padoko ku Namibia, Walvis Bay, imene ife tinkangoti ku Wolovisi. Dalaivala uja anabwerera ndi nsomba zake. Ine ndinatsala, chifukwa ndinamva kuti padoko akufuna anthu a misana yolimba.

Dziko lija n'lodabwitsa. Mvula siigwa, koma chilichonse chimakhala chonyowa. Nkhungu imachokera m'nyanja n'kudzakhala pamalata, pabulangete, ngakhale m'thumba la buluku. Dzimbiri limadya loko, limadya zipi, limadya msomali uli m'khoma. Ntchito yanga inali m'nyumba yaikulu ya chisanu, ife tinkati mu fuliji, kunyamula makatoni a nsomba zoundana, karapau, n'kumapakira m'mathiraki opita ku Zambia ndi ku Congo. Ndinkaseka ndekha kuti nsomba ikupita kwathu, ine ndikutsala. Mwezi woyamba zikhadabo zanga zinada, ziwiri n'kuthothoka. Ndalama ndinkatumiza pafoni, ndipo mkazi wanga ankandiuza za malata amene akugula. Tinkagona mu komponi, chipinda chimodzi chachitali, mabedi ali ndandanda, anthu a ku Angola, a ku Congo, eni dziko ochokera kumpoto, ndi ife ochepa olankhula Chinyanja.

Tsiku lina katoni inandigwera paphazi, ndipo ndinatukwana m'chilankhulo cha kwathu, mawu amene sindingawabwereze pano. Munthu wina wamtali, wa mpata m'mano, anaima n'kuyamba kuseka.

"Kutukwana uku nikudziwa. Uchokela kuti iwe?"

"Ku Chinyunyu."

"Ku madzi otentha? Manje wabwela kuzafuna chani mu fuliji?"

Anali Ba Kefasi a ku Mpanshya, aakulu kwa ine pang'ono. Tsiku lomwelo ananyengerera munthu wina kuti tisinthane mabedi, ine ndikhale pafupi nawo. Anandiphunzitsa kuvala magulovesi awiri awiri, ndi kubisa manja m'khwapa nthawi iliyonse kapitawo akacheukira kwina. Iwo zala ankazisamala kuposa mimba. Kwathu tikanakumana mu minibasi mwina sitikanapatsana ngakhale moni, koma kumeneko tinasanduka pachibale.

Anali ndi gitala imene anaigula kwa munthu wina wa pa sitima yakunja. Inali yopepuka, yofiirira, ya nsambo za nayiloni, zofewa zija. Ba Kefasi sankazikonda. Ankati zimalira ngati munthu wolankhula atafunda bulangete, ndipo mu komponi muja, ndi mawailesi ndi mikangano ya mpira, sizinkamveka n'komwe. Iwo anakulira pa banjo ya chigubu, ya nsambo za waya wa mabuleki a njinga, ndipo kwa iwo gitala inkayenera kulira choncho, mawu obaya.

Loweruka lina ananditenga kupita kusitolo ya zoimbira m'tauni. Ine ndinkayesa nsambo ndi nsambo, ugula, upita. Ayi ndithu. Anatha nthawi yaitali akutembenuza timapaketi, akufunsa kuti izi n'zonenepa bwanji, izi zakulungidwa ndi chiyani. Zonenepa, ati, zili ndi mawu aakulu koma zimakoka ngati ng'ombe. Zowonda zimafewa pachala koma sizichedwa kuduka. Zina zimawala bwino zili m'sitolo, koma zikangonunkhiza mphepo ya kunyanja zimada. Mayi wogulitsa, mzungu wachikulire, atayang'ana gitala imene tinabwera nayo anapukusa mutu. Anatiuza mofatsa, akuloza ndi chala, kuti gitala iyi anaipangira nayiloni, m'khosi mwake mulibe chitsulo, ndipo thabwa la pamimba n'lopyapyala. Mukaika waya, adzakoka mpaka kathabwa kogwira nsambo kadzamatuka, mwinanso kuchoka ndi mimba yomwe.

Ba Kefasi anamvetsera mwaulemu, anavomera zonse, n'kugula za waya. Anasankha zowonda kuposa zonse, kuti gitala isavutike kwambiri.

Tili panja ndinati, "Simunamve zamene akamba amai aja?"

"Namva, ndipo sananame. Waya akoka usana na usiku, ndiye chamene chimapha gitala. Manje ine sinizamulola kukoka usiku. Azakoka chabe pamene niimba."

Ndipo anachitadi zimenezo, osaphonya. Tikaweruka ankayamba asamba m'manja ndi sopo, chifukwa mchere wa nsomba ndi thukuta ndi zimene zimaitana dzimbiri. Kenako ankakunga nsambo imodzi imodzi, khutu lili pafupi, mpaka zitamvana. Ankaimba nyimbo za kwathu, za kumowa, za kumaliro, za kutchalitchi, zonse mosakaniza, ndipo ngakhale a ku Angola ankatsitsa wailesi. Masiku ena ankaimbira foni akazi awo, amake Regina, n'kuika foniyo pabondo kuti nawonso amve. Akatha, anthu n'kumati ina, ina, iwo ayi. Ankamasula nsambo zonse zisanu ndi imodzi, kuyambira yowonda ya pansi kumalizira yonenepa ya pamwamba, mpaka zitagona lendelende. Apo dzanja linkatha kulowa pabowo la gitala, ndipo ankatulutsamo kansanza kamene kankakhala m'mimbamo. Kanali kachidutswa ka chitenge chobiriwira, kamene amake Regina anawamangiramo nshawa zokazinga tsiku limene ankanyamuka. Ankadonthezapo mafuta a makina osokera pang'ono, n'kupukuta nsambo iliyonse pamwamba ndi pansi, n'kubwezera kansanzako mkati. Gitala ankaiika m'thumba, kutali ndi khoma, chifukwa khoma la kumeneko limatuluka thukuta.

Nsambo zikayamba kufa mawu, sankathamangira kusitolo. Ankazichotsa n'kuziwiritsa m'madzi kuti litsiro la zala lichoke, n'kuziyanika pawindo. Tsiku lina anawiritsira mu poto wathu wa ndiwo, ndipo nyemba za tsiku limenelo zinamveka msomali. Ndinawanena kwambiri. Ndinati akazi anu mukanawasamala monga musamalira gitala iyi, sakanakulolani kubwera kuno. Iwo anati, "Iwe khala chete, kwaya inakukana."

Mu komponi muja munali mwambo umene ndinaupeza, sindidziwa anauyambitsa ndani. Munthu akapita panyanja, zinthu zake sizikhudzidwa mpaka atabwera. Bedi lake, nsapato, kapu, ngakhale atasiya sokosi pakati pa njira, mumailambalala. Kusuntha za munthu amene ali pamadzi kunali ngati kunena kuti sabweranso. Amene ankaonetsetsa mwambowu anali a Mbewe, bambo a ku Malawi amene imvi zinawamerera padoko pomwepo.

Ba Kefasi sanali a panyanja. Ankagwira nafe mu fuliji, koma nthawi zina sitima ya nsomba ikaperewera munthu ankapita nawo, chifukwa malipiro a pamadzi anali abwinopo ndipo mwana wawo Regina anali atayamba sekondale. Lamlungu lina masana anali atakunga nsambo, ali pakati pa nyimbo, kapitawo anaimika galimoto pakhomo n'kuwaitana. Tonse tinayesa n'zokathandiza kukweza katundu. Anatsamiritsa gitala pabedi, ili chilili, n'kutenga jekete. Pakhomo anacheuka.

"Osagwila. Nibwela manje manje, nizamasula."

Kudoko anapeza kuti munthu wina wadwala ndipo sitima ikunyamuka. Anakwera momwemo.

Madzulo ake ndinayang'ana gitala ija, nsambo zili gwa, ndipo ndinatambasula dzanja. A Mbewe anandigwira pamkono.

"Mukufuna kutani, achimwene?"

"Nimasule chabe. Ikagona so izaonongeka."

"Mwini wake ali kuti?"

"Pamadzi."

"Ndiye mwayankha nokha."

Ndinabweza dzanja.

Sitima inabwerako patapita milungu. Ndinapita kudoko kukawachingamira, ndipo ndinaona anthu ake akutsika mmodzi mmodzi, aliyense maso ali pansi. Ndinadikira munthu wamtali. Anatsika wophika, amene amakhala womaliza, ndipo pambuyo pake panalibenso wina. Wophikayo anatiuza kuti kunali m'mawa, kukuwala bwinobwino, akukoka ukonde, funde linakwera n'kusesa pamene Ba Kefasi anaima. Sitima inazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Madzi a kumeneko salola munthu kukhalamo nthawi yaitali. Sanapeze ngakhale chipewa.

Amene anaimbira foni amake Regina ndine. Ndinayamba ndalankhula mozungulira, kenako ndinanena. Pafonipo ndinkangomva nkhuku za kwawo.

"Mwawaona?" anafunsa.

"Iyai, mulamu. Palibe amene awaona."

"Ndiye musaniuze zamene simunaone."

Anadula foni.

Gitala inatsala pamene anaisiya. Mwambo unkanena za munthu amene ali pamadzi, koma sunkanena za munthu amene madzi amusunga. A Mbewe anangoti zomasula nsambo n'za abale ake, ife ndife anzake chabe. Bedi lija palibe anafuna kugonapo. Ndiye panali chinthu china. Nkhungu ikatseka doko, sitima zimaliza hutala wamkulu kuti zisagundane, mawu okhuthala omveka mpaka m'chifuwa. Hutala akaleka, nsambo yonenepa ija inkapitiriza yokha, chapansipansi, ngati munthu amene akuvomera ali m'chipinda china. Tinayamba kuimva Lamlungu masana, aliyense ali maso, wina akusita, wina akumeta ndevu. Tonse tinasiya zimene tinkachita. Mnzathu wina wa ku Congo, woimba m'mabala, anatifotokozera kuti nsambo imayankha mawu ofanana ndi ake, palibe zamizimu, gitala iliyonse yokunga imatero. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Koma iye yemweyo anakoka bedi lake kupita nalo kumapeto kwa chipinda.

Ine ndinkachita mantha, ndisaname, komanso ndinkaidikira. Tsiku lopanda nkhungu ndinkamva ngati Ba Kefasi sanandipatse moni.

Kuchokera pamenepo ntchito inandikana. Katoni iliyonse imene ndinkanyamula ndinkaganiza za madzi amene nsombazo zachokera, ndipo chakudya sichinkatsika. Ndinapirira miyezi ingapo, kenako ndinapempha malo mu thiraki ya nsomba yopita ku Lusaka. Ndinatenga nsapato zawo za kutchalitchi, malaya awo, ndi gitala. A Mbewe anandiperekeza mpaka pageti, anakhudza thumba la gitala ndi nsonga za zala, n'kubwerera. Dalaivala ataiona anati ndimasule nsambo, ulendo ndi wautali ndipo kutsogolo n'kotentha. Ndinati si yanga. Ndinaifungatira pamiyendo njira yonse. Ku Wolovisi chinyezi ndi kuzizira zinkaithandiza kupirira, koma titalowa m'dziko louma thabwa nalo linayamba kuuma, ndipo masana ena ndinamva kuti kho mkati mwake, kamodzi. Pa mlatho wa Zambezi ndinangozindikira ndikulankhula. "Ba Kefasi, tawoloka." Dalaivala anandiyang'ana, n'kubwezera maso pamsewu wa ku Livingstone.

Kwathu ndinapeza nyumba ya malata imene ndinaimanga ndisanaione. Ana anali atatalika, anandipatsa moni atagwada ngati ndine mlendo wa abusa. Mkazi wanga anali atalowa tchalitchi cha pamsewu, chopemphera mokweza chija, ndipo atamva nkhani ya gitala anati chinthu chimenecho sichigona m'nyumba mwake. Sindinatsutse. Inagona m'khitchini, ine ndinagona m'nyumba imene sindinkadziwa ngakhale pamene pamakhala machesi. M'mawa ndinakwera minibasi ya ku Mpanshya.

Nyumba ya Ba Kefasi ili kumunsi kwa msewu wopita kumishoni. Amake Regina ndinawapeza akusankha tomato woti akagulitse pageti pa chipatala, mayi wamfupi, wosalankhulitsa. Panalinso Ba Yotamu, akulu awo a Ba Kefasi, amene anabwera atamva kuti ndafika. Iwo ndi amene anandikokera kuseri n'kundiuza kuti maliro sanachitike. Abale anasonkhana, ansembe anali okonzeka kuchita misa, koma mayiyu anakana kuti munthu alire pakhomo pake. Sanavale zakuda. Munda wa amuna awo anaulima, ndipo pampando wawo palibe ankakhalapo.

Ndinapereka nsapato ndi malaya. Analandira n'kuika pambali. Gitala anailandira ndi manja awiri, anaitulutsa m'thumba, n'kukaikhazika pampando uja. Ndinafotokoza zonse, za nayiloni ndi waya, za kukoka, za kuti ikufunika kumasulidwa lero lomwe, ndipo oyenera kutero ndi iwo kapena Ba Yotamu.

"Pochoka anakamba chani?" anafunsa amake Regina.

Pakamwa pangapa, kunama sindinaphunzire bwino. "Anati nibwela manje manje, nizamasula."

"Ndiye azamasula."

Ba Yotamu anandiyang'ana ngati andimeze. Nanenso ndinadzitukwana njira yonse yobwerera.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene amadziwa kutentha kwa kwathu mvula isanagwe andimvetsa. Ndinkapitako pafupipafupi, kukhala pakhomo sindinkatha. Ulendo woyamba, kuseri kwa kathabwa kogwira nsambo kunali kamng'alu kolowa lezala. Ulendo wina munkalowa ndodo ya machesi, ndipo thabwa la pamimba linali litatukumuka. Dzuwa likafika pamutu malata ankalira, ndipo gitala nayo inkati kho, n'kukhala chete, n'kudzatinso kho. Ine ndinkadziwa kuti ndi guluu amene akuleka. Anansi ankati m'nyumba muja mumagogoda munthu, ndipo amayi ena anasiya kudzapempha mchere. Amake Regina akamva kho ankaimika ntchito, nkhope n'kuwala pang'ono. Zimenezo ndi zimene zinkandipweteka kwambiri.

Ba Yotamu anabwera ndi pulayala tsiku lina, ati adule nsambo zonse mayiyu ali kumalonda, nkhani ithe. Ndinawaletsa. Ndinati waya wokunga choncho mukamudula akhoza kukutemani m'maso, gitala nayo idzidzimuka n'kung'ambika, komanso mulamu wanuyu sadzakupatsaninso madzi akumwa pakhomo pano. Anakhala pansi pa mtondo, pulayala ili m'manja.

"Manje tizakhala so mpaka liti?" anatero. "Mng'ono wanga alibe manda, alibe misa. Amai athu ku Shikabeta akalamba. Masiku onse afunsa kuti nilile kapena niyembekeze."



Tsiku limene zinatha tinali atatu pakhonde, ine, amake Regina ndi Ba Yotamu, masana, kopanda ngakhale kamphepo. M'nyumba munamveka phokoso lalikulu kuposa masiku onse, ngati nkhuni youma ikuthyoka. Tinalowa. Kathabwa kaja kanali katanyamuka mbali imodzi, chala changa chaching'ono chinkalowa, ndipo pansi pake thabwa linali litayamba kung'ambika. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo tsiku limenelo ndinakweza mawu m'nyumba ya eni.

"Mulamu, mvelani. Ine sininawaone atafa, zoona, ndipo sinizakamba kuti ninawaona. Koma ninagona pafupi nawo zaka zonse zija. Gitala iyi sinagonepo yokunga olo tsiku limodzi. Olo aleme bwanji, olo amwe, anali kumasula. Manje yakhala miyezi ikukoka. Ikamatuka apa izachoka na mimba yonse, muzatsala na nkhuni. Kaya abwela kaya sabwela, ichi sangakondwele nacho."

Amake Regina ankangoyang'ana mng'alu uja.

Ndinatsitsa mawu. "Mukati umu muli chinthu chanu. Koma dzanja silingalowe nsambo zili so."

Anakhala pamphasa n'kuika gitala pamiyendo monga amaikira lichero. Kenako anafunsa, osandiyang'ana.

"Anali kuyambila kuti?"

Ndinawalozera kachitsulo kopotokola ka nsambo yowonda, ndi mbali yopotokolera. Dzimbiri linali litagwira, ndiye kanayamba kakana, kenako kanalola. Ankapotokola uku akukhudza nsamboyo ndi chala, ndipo mawu ake ankatsika, kutsika, mpaka inangokhala waya wamba. Yachiwiri chimodzimodzi. Ba Yotamu anavula chipewa. Pa yachitatu gitala inalira mkati monga umalirira msana munthu akatula katundu. Anapitiriza ndi yachinayi, ndi yachisanu. Zisanu zitagona lendelende, analowetsa dzanja pabowo, anafufuza, n'kutulutsa kansanza kobiriwira kaja, katada ndi mafuta.

Anakatambasula pabondo. Anakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako anati, mawu ali wamba, "Chitenge ichi ninagula pa ubatizo wa Regina." Anakaika kumaso, ndipo kulira kumene kunatuluka pamenepo sindikufuna kudzakumvanso. Amayi a nyumba zoyandikana anaponya zimene anagwira n'kubwera akuthamanga, akulira kale asanafike pakhomo. Maliro a Ba Kefasi anayamba choncho, masana, dzuwa lili pamutu.

Mkati mwa chipwirikiti chimenecho Ba Yotamu anawerama kuti amalize ntchito, dzanja lili pa nsambo yonenepa imene inatsala. Amake Regina anawagwira pamkono, misozi ili chuchuchu.

"Iyi isiyeni."

"Mulamu, yatsala imodzi chabe."

"Zisanu napeleka. Iyi isiyeni." Kenako anatembenukira kwa ine. "Imodzi yokha ingaphwanye?"

Ndinati iyai, imodzi yokha ilibe mphamvu zimenezo.

Misa inachitika. Amayi awo a Ba Kefasi anabwera nawo kuchokera ku Shikabeta, analira mwana wawo mpaka mawu kusasa. M'manda tinaika nsapato za kutchalitchi ndi malaya. Amake Regina anavala zakuda nthawi yake, n'kudzavula. Mng'alu wa pagitala unaima pamene unafika, sunapitirirenso.

Papita zaka tsopano. Kunja sindinabwererenso. Ndimalima, ndipo ndinabwerera ku makala anga m'mbali mwa msewu. Karapau sindidya, ana amandiseka. Tsiku lina ndili ku Lusaka ndinalowa m'sitolo ya zoimbira, ndinatembenuza timapaketi monga ankachitira iwo, n'kugula nsambo imodzi yonenepa, yofanana ndi ija inatsala pagitala. Ili m'sutikesi mwanga. Amake Regina sindinawauze, ndipo sindikudziwa ngati tsiku limene ija idzaduke ndidzalimba mtima kuitulutsa.

Chifukwa ikadalipo. Yada, yatsika mawu pang'ono, koma amaipukuta ndi kansanza kaja ndi kadontho ka mafuta a makina, pamwamba ndi pansi. Mwezi wathawu ndinapitako kukapereka mbewu ya nshawa. Tinakhala pakhonde, iwo akusankha tomato, ine ndikudandaula za feteleza. Lole yonyamula chimanga inkatsika pamsewu wa kumishoni, ndipo pokhota inaliza hutala, wokhuthala uja. Hutala ataleka, m'nyumba, chitseko chili chotsegula, nsambo inavomera chapansipansi. Amake Regina sanadzutse mutu. Dzanja lokha ndi limene linaima, tomato ali m'manja.

"Mwamva, mulamu?"

"Namva."

Tinadikira mpaka inatha, kenako anaika tomato uja m'beseni.